Cheke ndi kalata ya rejisita: momwe ndimaziyesera pa kauntala yanga pa Chitakale

Ndili ndi kashopu ka simenti, malata ndi misomali pa Chitakale. Ndisanayambe geni imeneyi ndinagwira zaka 17 ngati kalaliki wa maakaunti pa esiteti ina ya tiyi konkuno ku Mulanje. Ntchito yanga inali kulemba macheke, kukawasainitsa kwa mabwana awiri, ndi kukatenga thumba la makalata ku positi ofesi pa Boma Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse. Munthu wotere mungaganize kuti pepala silingamupusitse. Linandipusitsa mu 2016, matumba 60 a simenti ndi malata ake n'kukwera lole ine ndikuthandiza nawo kuwerenga.

Linali Lachisanu cha m'ma 3 koloko, chiperoni chikuwaza. Anafika bambo wina wovala jekete yakuda, fayilo ili m'khwapa, nati akumanga midadada iwiri ya sukulu cha ku Limbuli ndipo bungwe lomwe likuthandiza lawapatsa cheke. Chinali cha K480,000, dzina la shopu yanga litalembedwa bwinobwino, masiginecha awiri, chidindo cha bungwe chilipo.

"Achimwene, lole ndalipira kale, ili panjapa. Ndikabwerera chimanjamanja amisiri andithawa."

Ndinachitembenuza kawiri, ndinaona kuti pepala ndi la banki ndithu, ndinapakiza. Lachitatu ndinaitanidwa ku banki. Mtsikana wa pa kauntala anachiika pansi pa kanyali kofiirira koyesera ndalama zachinyengo n'kunena kuti, "Bambo, taonani apa." Pomwe panali dzina la shopu yanga panatuluka chibanga chotuwa, ngati pomwe Jik wadonthera pa chitenje. Chekecho chinali chenicheni. Eni ake anachilembera munthu wina K80,000, anachiika mu envulopu wamba n'kupatsira kondakitala wa minibasi. Panjira dzina linafufutidwa ndi mankhwala, ndipo poti wolemba anasiya mpata kumanzere, mbava inangowonjezera "Four hundred and" kutsogolo kwa "eighty thousand" ndi 4 kutsogolo kwa 80,000.

Zonse zomwe ndikulemba pano zikanandipulumutsa tsiku limenelo, ndipo zambiri ndinkazidziwa kale. Macheke akucheperachepera masiku ano, ku South Africa anawasiyiratu kumapeto kwa 2020, koma wina akakutambasulirani cheke pa kauntala, kapena mukafuna kutumiza satifiketi kapena chikalata cha malo, nazi zoyenera kuchita.

Cheke chikafika m'manja mwanu

Yambani ndi zala, maso abwere pambuyo. Pepala la cheke ndi lolimbirako kuposa la fotokope, ndipo cheke chong'ambidwa m'buku chimakhala ndi mbali imodzi ya timano, pomwe chinalekana ndi kachiputu kotsalira m'bukumo. Mbali zonse zinayi zikakhala zosalala ngati zodulidwa ndi lezala, funsani chifukwa chake. Kenako yendetsani chala pomwe pali dzina ndi pomwe pali ndalama. Pofufutidwa ndi labala kapena popalidwa pamakhala paubweya, ndipo ponyowetsedwa ndi mankhwala pamakwinyika pang'ono ngati tsamba la tiyi lofota.

Chikwezeni ku dzuwa. Mapepala a macheke ambiri ali ndi chizindikiro cha m'kati mwa pepala, chonga nkhope yobisika ija ya pa ndalama ya kwacha. Chimapangidwa pepalalo likadali phala ku fakitale, n'chifukwa chake makina a fotokope sangachitulutse. Wokopera amangosindikiza chithunzi chotuwa pamwamba, ndipo chimenecho chimaoneka ngakhale cheke chili pa tebulo. Chenicheni chimadikira kuwala kudutse.

Tsopano tengani foni, tsegulani kamera, yandikizani n'kukulitsa. Mizere ina ya pa cheke, kaya ya m'mphepete kaya yosainirapo, ukaikulitsa umapeza kuti si mzere koma timawu tating'onoting'ono tondondozana, kawirikawiri dzina la banki. Pa cheke chokopera timawuto timasanduka timadontho tosawerengeka. Onaninso maluwa a mizere yopiringizana omwe ali kumbuyo kwa zolembazo. Inki yake anaipanga dala kuti isungunuke kapena isinthe mtundu ikakhudzana ndi madzi kapena mankhwala ofufutira. Pa cheke changa chija maluwawo anali atazilala pansi pa dzina la shopu. Ndinaona, koma ndinati ndi chinyontho cha chiperoni. Kuno kwathu pepala lililonse limanyowa m'thumba kuyambira Juni mpaka Ogasiti, ndiye mbava ili ndi pothawira. Musamachite chifundo ndi banga lomwe lasankha kugwera pa dzina kapena pa ndalama pokha.

Banki iliyonse ili ndi zizindikiro zake. Ine ndimasunga tsamba limodzi lakale la banki iliyonse yomwe ndinachitapo nayo malonda, lolembedwa "cancelled", kuti ndiziyerekeza.

Kanyali kofiirira kaja, ka UV, mugule. Ndi komwe ogulitsa m'mashopu amayesera ndalama zachinyengo, ndipo ku Limbe kamapezeka. Pepala wamba la fotokope ukaliunika nako limawala mbee ngati malaya oyera ochapidwa ndi sopo waufa, chifukwa analithira mankhwala oyeretsa. Pepala la cheke siliwala choncho. Limakhala lozimirira, n'kumangoonetsa tiulusi towala apo ndi apo kapena chizindikiro chobisika cha banki. Pomwe padutsa mankhwala pamaoneka chibanga. Kanga ndinagula sabata yomweyo, nyumba itapsa kale.

Mzere wa pansi

Pansi penipeni pa cheke pali manambala ooneka ngati omangidwa ndi njerwa. Mzere umenewu amautcha MICR. Inki yake ili ndi fumbi la chitsulo, ndipo makina a ku banki amayamba aupatsa mphamvu ya maginito kenako n'kuwerenga nambala iliyonse mwa mphamvuyo, ngakhale wina atadindapo chidindo pamwamba. Zilembozi dzina lake ndi E-13B, zilipo 14 zokha: manambala 0 mpaka 9 ndi zizindikiro zinayi zolekanitsa. Anazipanga ku America m'zaka za m'ma 1950, macheke atachuluka moti makalaliki sankathanso kuwasankha pamanja.

Inu mulibe makina a maginito, koma muli ndi maso. Mu mzerewu muli nambala ya cheke, nambala ya banki ndi nthambi yake, ndi nambala ya akaunti. Ngati nambala ya cheke kapena ya akaunti yasindikizidwanso penapake pamwamba, ziyenera kufanana. Inkiyo ndi yakuda bii koma yosanyezimira. Ikamaphathima mukapendeketsa pepala, kapena manambala ena akakhala okwera ena otsika, kapena wina akaoneka wonenepa kuposa anzake, chekecho chibwerere komwe chachokera.

Masiku ano pepala la cheke siliyendanso pa galimoto kupita ku banki ya mwini wake. Banki yomwe mwaikako imachijambula kutsogolo ndi kumbuyo, chithunzi ndi manambala a mzere uja n'kudutsa pa makina. Kuyambira kumapeto kwa 2014 mabanki amalipirana kudzera pa njira ya Reserve Bank yotchedwa MITASS. Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti musapinde cheke podutsa mzere wa pansiwo, musabowolepo ndi sitepula, ndipo musalembepo kanthu. Tanthauzo lina ndi lakuti wa ku banki ya mwini cheke amaona chithunzi chabe. Munthu wogwira pepala lenileni ndi inu ndi wa pa kauntala basi.

Zonsezi zikayenda bwino, imbirani foni mwini akaunti. Nambala musatenge kwa wobweretsa cheke, kapena yolembedwa kumbuyo kwake, chifukwa woyankhayo adzakhala mlamu wake ali kuseri kwa golosale. Ipezeni nokha. Mukamupeza, musamuuze zomwe zalembedwa. Mufunseni kuti, "Cheke nambala yakutiyakuti munalembera ndani, ndipo ndi cha ndalama zingati?" Ine ndikanafunsa funso limeneli, yankho likanakhala K80,000 ndi dzina la munthu yemwe sindimudziwa.

Ndipo katundu asatuluke mpaka ndalama zitakhwima. Mukaika cheke, pa foni pakhoza kuoneka kuti ndalama zalowa, koma pali ndalama zolembedwa ndi ndalama zoti mungatape. Funsani pa kauntala tsiku lomwe zidzakhwime. Akathyali amakonda Lachisanu masana ndi tsiku loti mawa ndi holide pa chifukwa chimenechi. Onaninso deti: cheke chopitirira miyezi 6 banki imachikana, ndipo cha deti ya kutsogolo ndi lonjezo chabe.

Mukamalemba chanu

Apa ndi pomwe asungichuma a mipingo, makomiti a sukulu ndi makalabu a alimi a tiyi amagwera. Cholembera chikhale cha inki yakuda ya gel, chifukwa imalowerera mu ulusi wa pepala ndipo imavuta kuichotsa. Bolopeni wamba wabuluu amachoka msanga ndi mankhwala, ndipo wofufutika uja asayandikire n'komwe buku la macheke.

Yambirani kulemba kumanzere kwenikweni, mawu oyamba agunde pomwe mzere wayambira. Mawu athithikane, mutsirize ndi "only", mpata wotsala mujambulepo mzere mpaka kumapeto. M'kabokosi ka manambala, nambala yoyamba ikhudzane ndi K. Samalani ndi "six", "seven", "eight" ndi "nine": kachilembo kamodzi kapena tiwiri ndi ziro mmodzi zikwanira kuti 8,000 asanduke 80,000. Dzina la wolandira lilembedwe lonse monga lilili ku banki, osati zidule zomwe wina angawonjezerepo zilembo, ndipo nalonso litsatidwe ndi mzere.

Jambulani mizere iwiri yopingasa pakona ya kumanzere n'kulemba pakati pake "Account payee only". Cheke chotero sichitapidwa pa kauntala, chimayenera kulowa mu akaunti ya dzina lomwe lalembedwalo, ndiye wakuba amasiya mapazi. Mukalakwitsa musakonze. Lembani "cancelled" modutsa tsamba lonse, lisiyeni m'buku, yambani lina. Kachiputu kotsalira m'buku kadzazeni musanang'ambe cheke, chifukwa mukati mulemba madzulo simudzalemba.

Chomwe ndimakangana nacho kwambiri ku komiti yathu ndi ichi: wapampando akupita ku maliro ku Phalombe, ndiye akuti, "Asungichuma, ndisainiretu masamba atatu, muzidzaza ndikachoka." Ayi. Masiginecha amakhala awiri kuti maso akhale anayi. Buku latsopano likabwera, werengani masamba onse pomwepo pa kauntala, ndipo muziwerenganso mwezi ndi mwezi, makamaka a kumapeto, poti wakuba wa m'nyumba sang'amba tsamba lotsatira. Amang'amba la kumbuyo, lomwe mudzalifike chaka chamawa. Tsamba likasowa, imbirani banki nthawi yomweyo kuti aimitse nambala imeneyo, kalata itsatire.

Tisanamizane kuti pepala limateteza chilichonse. Macheke a Cashgate mu 2013 anali enieni, pepala lenileni, inki yeniyeni, osindikizidwa m'maofesi a boma, zolemba zake n'kufufutidwa mu kompyuta ya zachuma ya boma yotchedwa IFMIS ndalama zitatuluka. Palibe nyali ya UV ikanagwira zimenezo. Chomwe chimagwira wakuba wa m'kati ndi munthu wachiwiri, yemwe salemba macheke, kukhala pansi ndi sitetimenti ya banki ndi ziputu zija mwezi uliwonse n'kumachonga chimodzichimodzi.

Kutumiza

Cheke, satifiketi ya MSCE, chikalata cha malo, buku la galimoto: izi sizipatsiridwa kondakitala kapena wakabaza. Pitani ku positi ofesi mukatumize pa rejisita kapena pa EMS, njira yachangu ya positi, apo ayi ku kampani yonyamula mitokoma yomwe ili ndi chiphaso cha MACRA. Kusiyana kwake n'kwakuti kalata wamba palibe amailemba paliponse, pomwe ya rejisita imalembedwa nambala pa dzanja lililonse lomwe yadutsa, ndipo wolandira amasainira ataonetsa chitupa.

Envulopu ikhale yochindikala, yosaonetsa za m'kati mukaikweza ku dzuwa. Cheke muchikulunge m'pepala lina. Matani ndi guluu weniweni, poti wa pa envulopu uja nyengo ya chiperoni amamatuka yekha, kenako sainani modutsa pomwe mwamatapo, theka la siginecha pa chivindikiro theka pa thupi la envulopu. Wotsegula ndi nthunzi ya ketulo savutika kumatanso, koma kulumikiza siginecha ndendende kumamukanika. Makampani a mitokoma ali ndi timatumba tapulasitiki tomwe ukamatula chomatira timang'ambika kapena kuonetsa mawu akuti VOID. Nambala ya kathumbako ilembedwe pa lisiti yanu inu mukuona. Musanamate, jambulani za m'katizo pa foni.

Ku esiteti thumba lathu la Private Bag linali ndi loko wa makiyi awiri, wina ku positi wina ku ofesi, moti mesenjala ankanyamula chinthu chomwe sangatsegule. Tinalinso ndi makina odindira mtengo wa positi ndi inki yofiira m'malo momata masitampu. Ku America makina otere anayamba ndi kampani ya Pitney Bowes mu 1920. Athuwo tinkawanyamula kupita nawo ku positi, kulipira, iwo n'kudula chomangira chawo, kuwonjezera ndalamazo, n'kumanganso china. M'kati munali mawerengero awiri, ena okwera ena otsika, ndipo ukawaphatikiza ankayenera kukwana ndalama zonse zomwe tinalipirapo. Mnyamata wina ankadindirapo makalata a chibwenzi chake cha ku Luchenza, ndipo mawerengero amenewa ndi omwe anamuulula.

Chidindo cha deti chomwe amamenya pa sitampu chili ndi ntchito ziwiri: kupha sitampu kuti isagwirenso ntchito, ndi kuchitira umboni malo ndi tsiku. Ngati mukutumiza za tenda kapena za kukhoti, pemphani kuti adinde pooneka inu muli pomwepo. Kunja anapita patali. Ku Britain, Royal Mail inayamba mu 2022 kuika kabokosi ka timadontho pambali pa sitampu, kosiyana pa sitampu iliyonse, kuti makina azindikire yabodza kapena yogwiritsidwa kale ntchito.

Nkhani yoteteza sitampu si yachilendo kuno. Mu 1898, dziko lino likutchedwa British Central Africa, masitampu a 1 peni anatha. Ku Zomba anatenga chidindo chofinya chomwe ankadindira msonkho pa macheke, anadinda pa timapepala tolembedwa INTERNAL POSTAGE, ndipo poopa okopera, mkulu wa mapositi J.T. Gosling ankalemba zilembo za dzina lake kumbuyo kwa masitampu oyambirirawo ndi dzanja. Kenako anayamba kuikako manambala. Osonkhanitsa masitampu mpaka lero amawatchula kuti masitampu a cheke.

Nambala ya pa lisiti

Lisiti ya rejisita kapena ya EMS ili ndi nambala ya malo 13, motsata dongosolo la bungwe la mapositi a dziko lonse la Universal Postal Union, lomwe linakhazikitsidwa ku Bern mu 1874. Kumayambiriro kuli zilembo ziwiri: yoyamba ikakhala R ndi rejisita, E ndi EMS, C ndi phukusi. Pakati pali manambala 9. Kumapeto kuli zilembo ziwiri za dziko lomwe katundu wachokera: MW ndi kwathu kuno, ZA ndi South Africa, GB ndi Britain, CN ndi China.

Nambala ya chisanu ndi chinayi ndi mlonda wa anzake asanu ndi atatu, ndipo mukhoza kuiyesa ndi kakyuleta ya pa foni. Tiyerekeze kuti mwapatsidwa RR305182643MW. Tengani manambala 8 oyamba, 3 0 5 1 8 2 6 4, muwachulukitse motsatana ndi 8, 6, 4, 2, 3, 5, 9, 7. Mupeza 24, 0, 20, 2, 24, 10, 54 ndi 28. Kuphatikiza zikwana 162. Gawani ndi 11: alowamo ka 14, kutsala 8. Chotsani 8 pa 11, yankho ndi 3, ndipo ndi yemwedi ali pamalo achisanu ndi chinayi. Yankho likatuluka 10 amalemba 0, likatuluka 11 amalemba 5. Ochulukitsira aja sasintha, ine ndinawalemba pa khoma kuseri kwa kauntala.

Masamu amenewa ndimawagwiritsa ntchito kwambiri pa mauthenga a pa foni kuposa pa makalata anga. Mwezi wathawu mayi ena a ku Chisitu anabwera ndi uthenga wa pa WhatsApp woti mwana wawo wa ku Joni watumiza katundu, wagwidwa, ndipo atumize K45,000 pa nambala ina ya foni kuti amasulidwe. Panali ndi chithunzi cha lisiti. Nambala yake inathera ndi GB pomwe mwanayo ali ku Johannesburg, ndipo titawerengera, mlonda uja sanagwirizane. Ndinati, "Mayi, muimbireni mwana wanu pa nambala yomwe mumaidziwa." Mwanayo sanatumize kanthu, analibe n'ganizo lomwe. Dziwani kuti nambala ikhoza kukhoza masamuwa n'kukhalabe yakuba, ndiye muifufuzenso pa intaneti pa tsamba la positi ya dziko lomwe yachokera, kapena mukafunse pa kauntala ya positi. Phukusi lochokera kunja limabwera ndi fomu ya kasitomu yomatidwa pamwamba, CN22 kapena CN23, ndipo msonkho ukakhalapo umalipiridwa kwa a MRA n'kupatsidwa lisiti yawo, osati pa nambala ya munthu.

Polandira, musasaine musanatembenuze envulopu. Onani ngati pomatira pali guluu wa mitundu iwiri, ngati m'mbali mwadulidwa n'kumatidwanso, ngati nambala ya pa envulopu ikufanana ndi yomwe wotumiza anakuuzani. Chikakukayikitsani, tsegulani pamaso pa wa positiyo ndipo alembe zomwe mwapeza musanachoke. Kalata ya rejisita yopita kunja ikasowa, dandaulo limalandiridwa m'kati mwa miyezi 6 kuchokera pomwe munatumiza, ndipo chomwe adzayambe kufunsa ndi lisiti. Inki ya malisiti ena imazilala ndi kutentha, ndiye ijambuleni tsiku lomwelo. Anga ndimawasunga m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi kanyali kaja.

Chaka chatha kunabweranso wina, Lachisanu lomwelo, akufuna malata 40 ndi cheke m'manja. Ndinachiunika, chinali bwinobwino. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, malata anu ndawaika pambali, ndalembapo dzina lanu ndi choko. Mubwere ndalama zikakhwima." Anati akukatenga lole pa siteji. Malatawo ndinawagulitsa kwa ena patatha milungu iwiri, choko chikadalipo.